Kapamba wa Idesi

"Alamu, ndafunsa funso laling'ono. Ukonde uli kuti?"

Lydia anaima pabwalo pa mng'ono wake Idesi, manja ali m'chiuno, dengu la usipa wa malonda likadali pamutu. Gladson, mwamuna wa Idesi, anali atazondotsa njinga yake ya kabaza, akuthira mafuta tcheni. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Mwafika ndi milandu bwanji, alamu? Moni mwamusiya panjira?"

"Moni ndikupatsani ndikauona ukonde. Ndalowa kuchipinda, pali zingwe zokhazokha zili lendelende. Achipatala anaupereka kuti Idesi azigonamo. Uli kuti?"

"Uli kudimba."

"Kudimbako akudwala ndani?"

"Ndaphimbira nazale ya tomato. Nkhuku za anthu zimandifukulira mbande. Tikawokera ndidzaubweza, suthawa ayi."

Idesi anali pamphasa pakhonde, dzanja lili pamimba. Panali patangodutsa masabata ochepa chitulukireni m'chipatala chachikulu m'tauni, kumene anamng'amba kuyambira pachifuwa mpaka kumunsi kwa mchombo n'kuchotsa kapamba wophulika. Anali atatha thupi, mafupa a pakhosi ali poyera, ndipo kuseka, kutsokomola ngakhale kukweza mawu zonse zinkamupweteka.

"Bambo a Maluwa," anatero motsitsa, "paja adokotala ananena muli pompo. Anati kapamba ali ngati sefa ya magazi. Ndiye amakola tizilombo ta malungo ndi ta matenda ena, thupi n'kupeza mpata womenyana nato. Ine sefayo ndilibenso. Anati udzudzu usamandilume, ndipo thupi likangotentha ndikafike kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira mawa."

"Madokotala ntchito yawo ndi kuopseza anthu. Ndani m'mudzi muno sanadwalepo malungo? Mbuzi tikapha, kapamba ndi kanyama kongokwana pachikhatho, timapatsa ana kuti awotche. Ndiye kanthu kameneko mpaka tomato wanga athere nkhuku?"

"Kanthu kameneko munakaphulitsa ndinu!" Lydia anatula dengu pansi mwamphamvu, usipa wina n'kumwazika. "Jombo yanu ija. Chifukwa cha pampu ya njinga imene Idesi anabwereketsa kwa anzathu a kuseriku. Pampu, alamu! Munthu mpaka kukomoka, mimba itadzaza magazi."

"Tsitsani mawu," Gladson anatero, maso akuyang'ana kunjira. "Anagwa panjinga. Nkhaniyo inatha."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola. Anali a Gertrude, mayi ake a Lydia ndi Idesi, akusankha nyemba m'lichero. Anamva zonse, mtima ukuwira, koma sakanatha kutulukira poyera. Kwathu kuno mpongozi wamkazi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Akakumana panjira wina amapatukira m'tchire, ndipo akafuna kulankhulana mawu amadzera mwa wina. Chifikire Gladson pamudzipo kudzakhala chikamwini, a Gertrude anali asanamuuzepo mawu okwana chiganizo. Ulemu umenewu ndi wabwino pamene mkamwini ali munthu. Koma akakhala ngati Gladson, ulemuwo umangomanga pakamwa mayi amene mwana wake akuvutika, ndiye mayiyo n'kumatsokomola kuseri kwa nkhokwe.

Gladson anatembenuza njinga, anaikwera n'kuliza belu kawiri monyoza.

"Ngati pali mlandu, alamu, ankhoswe alipo."

Ankhoswe anakumana Lamulungu anthu ataweruka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa mango. Kuchikazi kunali a Albert, mlongo wawo wa a Gertrude, bambo wa jekete limodzi ndi mawu ambiri. Kuchimuna kunabwera mkulu wina wa maso ofiira amene anayamba kuwodzera nkhani isanafike pakati. Gladson anakhala pa mpando wa ndalema, nkhuku yomangidwa miyendo ili pafupi ndi phazi lake. A Gertrude anakhala chapatali atafulatira, monga mwa mwambo.

"Mkamwini wathuyu wavomera kuti dzanja linapitirira," anayamba a Albert.

"Linali phazi, amalume," anatero Lydia.

"Iwe, pano si pamsika. Ndati wavomera, ndipo wabwera ndi nkhuku yopepesera. Ife akuluakulu talandira."

Nkhukuyo inali yaikazi, yothothoka nthenga m'khosi, yoti ngakhale kabawi akanaiganizira kawiri. Imeneyo ndiyo inali mtengo wa kapamba wa Idesi.

"Amalume, nkhuku ndi yanu, idyani," anatero Lydia. "Ine ndikufuna zinthu ziwiri. Ukonde ubwerere lero. Chachiwiri, mapiritsi amene anamupatsa oti azimwa tsiku ndi tsiku atha, ndipo tsiku lokamuonanso kuchipatala cha Mbulumbuzi ladutsa. Alamu ali ndi njinga. Akukaniranji kupita naye?"

Gladson anakanda pamutu. A Albert ndiwo anamuyankhira, mawu atawatsitsa.

"Paja tsiku langozi lija tinayambira pa Mbulumbuzi pomwepo. Dokotala wa pamenepo ataona nthiti za mwanayu anati njinga siisiya chidindo cha jombo. Anamuloza Gladson chala, kuti akadzamuonanso pakhomo pake adzaitana apolisi. Ndiye inu mukufuna mwamunayu akadzipereke yekha? Akamangidwa adzalima munda ndani? Maluwa adzadya chiyani? Banja sitiliyendetsa ndi mkwiyo."

"Ndiye Idesi afe kuti alamu asamangidwe?"

"Wafa ndani? Suyu wakhala apa? Mabala apola. Za m'nyumba zithere m'nyumba. Idesi, ukafunsidwa kulikonse unagwa panjinga, wamva?"

Idesi anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi kamtengo. "Ndamva, amalume. Koma ukonde wokha."

"Akawokera tomato. Sabata imodzi si chaka."

Chimene a Albert sananene n'chakuti feteleza wawo, chimanga chawo chopita kuchigayo, ngakhale iwo eni popita kumaliro akutali, zonse zinkakwera njinga ya Gladson ulele. Munthu saluma chishalo chimene wakhalira. Lydia anadzambatuka, anakutumula chitenje n'kuchoka osatsanzika. A Gertrude anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango, akuyang'anabe kumbali.

Sabata ija inatha, ina n'kuyamba. Tomato anawokeredwa, koma ukonde sunabwere. Gladson anati waung'amba pakati kuti atchingire nazale ya mpiru, ndipo chigamba chinacho mbuzi zinachikoka. Mvula ya kumapeto inali ikugwabe mwa apo ndi apo, madzi ali chikhalire m'mizere ndi m'maenje oumbira njerwa. Udzudzu unkayamba kulira dzuwa lisanalowe. A Gertrude ankafukiza masamba m'nyumba ya mwana wawo mpaka maso kuwawa, komabe m'mawa mikono ya Idesi inkakhala ndi timatuza.

Lachitatu masana, Lydia atapita kukapikula usipa, Idesi anatuluka m'nyumba atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Mano ankagundana.

"Amayi, zayamba."

A Gertrude anamugwira pachipumi n'kuchotsa dzanja msanga. Anasiya mtondo chimanga chili momwemo, n'kuthamangira kwa mlongo wawo. Anawapeza akusoka mphasa pamthunzi.

"Achimwene, Idesi watentha thupi. Kauzeni mkamwini apite naye ku Mbulumbuzi pompano."

"Wayamba liti?"

"Masana ano."

"Aa, mlongo, masana ano omwewa mpaka kuthamanga chotere? Malungo timayamba tawapatsa mapiritsi a paokala, n'kuona mmene agonere. Akapanda kusintha, mawa kapena mkuja ndiye timaganiza za chipatala. Tonse tinakula choncho."

"Tonse tili ndi kapamba, achimwene. Uyu alibe. Anati tsiku lomwelo."

"Ndimalize mzere uwu, ndibwera ndilankhule naye."

Mzerewo unatha dzuwa litapendeka. A Albert anafika, ananong'onezana ndi Gladson kuseri kwa khola, ndipo Gladson anapita paokala n'kubwera ndi mapiritsi okulunga m'pepala. Idesi anamwa, koma pasanapite nthawi anasanza onse. A Gertrude anali pakhomo la khitchini, pomwe ankamva mawu a m'nyumbamo bwinobwino.

"Bambo a Maluwa, ndagwira mwendo wanu, ndiperekezeni. Simukafika pachipatala ayi. Mukanditule pamsewu, kotsalako ndikakwawa ndekha."

"Akakufunsa wakubweretsa ndani?"

"Ndikati mlendo. Sindikakutchulani. Kodi ndinakutchulanipo? Ngakhale pamene ankandilowetsa kokang'amba ndinati ndinagwa panjinga."

"Pamsewu paja aliyense amandidziwa. Mlonda wa pachipatala ndimamukweza ine. Gona, mawa udzuka bwino. Ukungodzipatsa mantha ndi zonena za madokotala."

"Mkati muno mukuzizira, bambo a Maluwa. Si malungo amene ndimawadziwa. Ndikuopa."

"Mawa, ndatero."

A Gertrude anafuna kubwereka njinga ina. M'mudzimo munali njinga zina ziwiri, koma eni ake onse anayankha mofanana, kuti mkazi wa mwini sanganyamulidwe mwamuna wake ali pomwepo ndi njinga yake, pokhapokha ankhoswe atanena. Ankhoswe anali atanena kale kuti mawa.

Kutacha, Idesi sankathanso kukhala tsonga. Maso anali achikasu, milomo itauma, ndipo ankaitana mayi ake ali pambali pake pomwepo. Linali tsiku la msika. A Gertrude atatuluka kukataya madzi anaona Gladson akumanga kansalu pachishalo cha wokwera, wavala kale chipewa. Anaganiza kuti akukonzera wodwala, mtima n'kukhala pansi pang'ono. Kenaka anamuona akukankhira njinga kunjira, yekha.

Beseni linagwa. Mayi amene zaka zonsezi ankapatukira m'tchire anadutsa pabwalo mutu uli pamtunda, mpango utagwera paphewa, n'kukagwira chiwongolero cha njinga ndi manja awiri. Anamuyang'ana mkamwini wawo m'maso kwa nthawi yoyamba.

"Bambo, mwana wanga akufa."

Gladson anabwerera m'mbuyo, nkhope itatembenukira kumbali. "Amayi, mukundilaula. Zoterezi sizichitika. Ngati pali mawu akadzere kwa amalume."

"Adzera kwa amalume kuyambira dzulo. Lero ndabwera ndekha. Ndinakupatsani malo omanga nyumba, ndinakupatsani munda ndi dimba. Mutamuponda mwana wanga ndinakhala chete. Nkhuku yanu ndinaiona, ndinakhala chete. Sindikupempha kanthu kena. Mutengeni."

"Lero ndi la msika, anthu akundidikira pamphambano ndi katundu. Ndikabwera masana tiona."

"Masana adzakhala kulibe."

A Gertrude anagwada pansi, m'matope, manja asanasiye chiwongolero. "Ngati mukuopa apolisi, ndikanena ndine kuti anagwa panjinga. Ndikalumbira pa Baibulo. Ndikauza dokotala kuti ndinaona ndi maso angawa."

Anthu anali atayamba kusuzumira m'mipanda. Zimene zinamuwawa Gladson si mawuwo ayi, koma maso a anthu, kuti mpongozi wamugwadira poyera. Anakoka njinga mwamphamvu, zala za mayiyo n'kupulumuka, iwo n'kugwa chammbali.

"Mwandichititsa manyazi pamudzi," anatero. Anadumphira panjinga n'kupalasa osacheuka.

Mayi wina wachikulire kuseri kwa mpanda anapukusa mutu, osati chifukwa cha Gladson, koma chifukwa cha a Gertrude. Anamveka akuti dziko latha, apongozi ayamba kugwira njinga za akamwini.

Lydia anatulukira nthawi yomweyo, dengu lili pamutu, atatsika matola a m'mawa. Anapeza mayi ake akudzuka m'matope. Sanafunse zambiri. Analowa m'nyumba, anamuona mng'ono wake, n'kutuluka nkhope itasintha.

"Wayamba liti?"

"Dzulo masana."

"Dzulo! Mayo ine! Njinga zina zija?"

"Zonse zapita kumsika kusanache."

"Tipange machira. Amuna ali kuti?"

Amuna amene anatsala m'mudzi anali okalamba ndi a Albert, amene anatumiza mawu kuti mwendo wawavuta ndipo nkhaniyi idikire mwini mkazi. A Gertrude sanadikirenso. Anapereka Maluwa, kamwana ka Idesi, kwa mnansi, anatenga zitenje ziwiri n'kuzilumikiza, kenaka anawerama pafupi ndi mphasa.

"Ndithandize kumukweza kumsana."

"Amayi, ndimubereke ine."

"Ndinamubereka ali wakhanda, msana wanga akuudziwa. Iwe uzigwira miyendo isakhwekhwereke."

Anadzera njira yachidule ya m'minda, yodutsa pamtsinje, imene njinga sizidzera. Kunayamba kuwaza kamvula kozizira. Idesi anali wopepuka momvetsa chisoni, koma thupi lake linkawotcha msana wa mayi ake kupyola zitenje zonse. Bala la pamimba linkakhuzika pa sitepe iliyonse, iye n'kumabuula.

"Pepa mwanawe, pepa. Tifika pompano."

"Amayi, Maluwa asadzapite kuchimuna."

"Usalankhule zimenezo. Maluwa ulera wekha."

"Amayi, mwagwa chifukwa cha ine. Ndinamva."

"Sindinagwe, ndinaterereka. Khala chete usunge mphamvu."

Chimanga chinali chitauma m'minda, nandolo ali wobiriwira pakati pake, masamba onyowa akuwakwapula kumaso. A Gertrude ankapuma mwa befu, koma Lydia akati tisinthane ankangopukusa mutu. Anayamba kuyimba nyimbo ya kumvano chapansipansi, kenaka mpweya unawathera, n'kuyamba kungolankhula. Anamuuza Idesi kuti akachira asamukira m'nyumba mwawo, kuti adzagulitsa mbuzi n'kugula ukonde wina, kuti nandolo wa chaka chino wachita bwino ndipo adzam'phikira makata amene amawakonda. Poyamba Idesi ankayankha ndi kubuula. Atayandikira mtsinje anasiya.

Madzi anali ofika m'mawondo. Powoloka, dzanja la Idesi limene linali pakhosi pa mayi ake linatsetsereka n'kulendewera. Lydia analibweza paphewa. Linagwanso. Anasuzumira nkhope ya mng'ono wake imene inatsamira pakhosi pa mayi awo, ndipo anaona maso otseguka pang'ono, madontho a mvula akugweramo osaphethira. Anaika chala pamphuno. Panalibe mpweya.

Lydia anaima pakati pamadzi, miyendo ya mng'ono wake ili m'manja.

"Tiye, waimiranji?" anatero a Gertrude. "Wagona eti? Msiye agone, dzulo lonse sanapume."

"Amayi..."

"Usamudzutse. Tiye."

Anakwera chitunda, anadutsa pasukulu, anatulukira pamsewu waukulu. Lydia ankayenda pambuyo misozi ikusakanikirana ndi mvula, akudziluma mlomo kuti asalire mokweza. Kangapo konse anafuna kunena, koma akaona mmene mayi ake ankaponyera mapazi, zala zikukanirira m'matope, mtima unkamukanika. Kamvula kanapitirira, zitenje zinanyowa, mphepo ikuwomba.

"Lydia," anaitana a Gertrude patapita nthawi, mawu ali ndi chimwemwe. "Mulungu ndi wamkulu. Kutentha kuja kwayamba kutsika. Kumsanaku sikukuwotchanso ngati poyamba. Tamugwira uone."

Lydia anagwira mwendo wozizirawo. "Eya, amayi."

"Ndimadziwa ine. Mwanayu ndi wolimba. Mpeni wa madokotala anapirira, malungo angamutani?"

Pachipatala cha Mbulumbuzi panali mzere wa amayi ndi ana pakhonde. Ataona mayi wokalamba atabereka munthu wamkulu, anapatuka okha. Dokotala, yemwe uja anaona chidindo cha jombo, anatuluka msanga n'kuthandiza kumasula zitenje. Anamugoneka Idesi pabedi la pafupi ndi chitseko. Anagwira pamkono, anagwira pakhosi, anaika chomvera pachifuwa nthawi yaitali. Atakweza bulauzi anaona mzere wa bala n'kumuzindikira. Anatseka maso a Idesi ndi zala ziwiri, kenaka anayang'ana Lydia. Lydia anagwedeza mutu n'kukhala pansi pasimenti, nkhope ili m'manja.

A Gertrude anali akadali chiimire, msana utapindika ngati katundu akadalipo, akupukuta matope m'manja ndi chitenje.

"Adokotala, musamuone kugonako n'kumuika kumapeto kwa mzere. Alibe kapamba ameneyu, achipatala munanena nokha kuti tsiku lomwelo. Tachedwa pang'ono, mutikhululukire, kunalibe njinga. Koma wayamba kupezako bwino, kutentha kwasiya tili panjira. Mungomubaya jakisoni basi."

"Amayi," anatero dokotala mofatsa, akukoka mpando, "takhalani pansi kaye."

"Ayi bambo, zikomo. Ndikhala mukamubaya."